Manambala a Miliri ndi Ngozi Amafuna Mgwirizano wa Matanthauzo

Pa 13 February 2020, akuluakulu a zaumoyo m'chigawo cha Hubei ku China analengeza kuti pa tsiku limodzi lokha apeza odwala atsopano a COVID-19 pafupifupi 15,000. Dzulo lake chiwerengerocho sichinafike ndi 2,000 yomwe. Dziko lonse linadzidzimuka, koma sikuti kachilomboko kanali katalusa usiku umenewo. Chimene chinasintha ndi yankho la funso lakuti, kodi wodwala ndi ndani? Poyamba ankawerenga okhawo amene kachilombo kapezeka atawayeza m'labotale. Kenako anayamba kuphatikizapo amene madokotala awapeza ndi matendawa poona zizindikiro ndi zithunzi za mapapo.

Ku England zinachitika mosemphana. Mu August chaka chomwecho, boma linayamba kuwerenga okhawo amene amwalira pasanathe masiku 28 kuchokera pamene anapezeka ndi kachilomboko, ndipo chiwerengero cha imfa chinatsika ndi anthu oposa 5,000.

Ife amene ntchito yathu ndi kusanja ndi kulumikiza uthenga wa zaumoyo ndi wa ngozi pa kompyuta timalimbana ndi vuto limeneli tsiku ndi tsiku. Chida chathu chachikulu chimatchedwa ontology. Dzinali limamveka lovuta, koma nkhani yake ndi yapafupi. Aliyense amene anagulapo chimanga pamsika amadziwa kuti ndowa ya uyu si ndowa ya uyo, ndipo mtengo umamveka pokhapokha onse akagwirizana pa sikelo. Ontology ndi mgwirizano wotero, wolembedwa mwa njira yoti munthu ndi kompyuta omwe aumve mofanana.

Mgwirizanowo uli ndi mbali zitatu. Yoyamba ndi mndandanda wa zinthu, chilichonse ndi nambala yakeyake. Yachiwiri ndi tanthauzo losasinthasintha la chinthu chilichonse. Yachitatu, imene imaisiyanitsa ndi dikishonale wamba, ndi ubale wa zinthuzo. Tengani kolera. Mu ontology mumalembedwa kuti kolera ndi matenda opatsirana, amayamba ndi bakiteriya wotchedwa Vibrio cholerae, amafala kudzera m'madzi kapena chakudya chodetsedwa, ndipo chizindikiro chake chachikulu ndi kutsegula m'mimba kwa madzimadzi. Tsono mkulu wa zaumoyo akafunsa kompyuta kuti imusonyeze matenda onse ofala ndi madzi m'boma la Nsanje, imatulutsa kolera pamodzi ndi taifodi, ngakhale kalaliki amene analemba malipotiwo sanatchulepo za madzi. Imangotsata ubale umene akatswiri analemba kale.

Ganizoli si ladzana. Mu 1893, ku Chicago, akatswiri a ziwerengero anavomereza mndandanda wa zoyambitsa imfa umene anakonza Jacques Bertillon wa ku France. Mndandandawo ndiwo kholo la ICD, buku la manambala a matenda limene bungwe la WHO limayang'anira, ndipo buku latsopano la ICD-11 linayamba kugwira ntchito mu January 2022. COVID-19 itabuka, WHO inapereka manambala awiri: U07.1 kwa wodwala amene kachilombo katsimikizika, ndi U07.2 kwa amene akuganiziridwa koma sanatsimikizidwe m'labotale. Manambala awiri okhawo anathandiza kuti magulu awiri aja, amene anasokoneza anthu pa nkhani ya Hubei, aziwerengedwa padera.

Ma ontology a masiku ano anakula kwambiri pakati pa ofufuza za moyo. Mu 1998, akatswiri ofufuza ntchentche za zipatso, mbewa ndi yisiti anaona kuti akutchula ntchito zofanana za majini ndi mayina osiyana, ndipo anayambitsa Gene Ontology. Pambuyo pake kunabwera Infectious Disease Ontology, imene inayala maziko a matenda onse opatsirana, ndipo ena anamangapo nthambi zake. Ya malungo ndi IDOMAL, yokonzedwa ku Crete m'dziko la Greece, pamene ya tizilombo ta korona ndi CIDO, imene gulu la Yongqun He ku University of Michigan linatulutsa mu 2020. Phindu lake limaoneka dzina likachuluka. Mtundu wa kachilombo umene unapezeka ku South Africa kumapeto kwa 2020 ena ankautcha B.1.351, ena 501Y.V2, kenako WHO inautcha Beta. Mu ontology mayina onsewo amaloza ku chinthu chimodzi, ndipo wofufuza sataya lipoti chifukwa cha dzina.

Pa ngozi zogwa mwadzidzidzi ntchitoyi ndi yolemera kuposa apa. Nkhokwe ya EM-DAT ya ku Belgium, imene inayamba mu 1988, imalemba chochitika ngati ngozi pakachitika chimodzi mwa izi: pafa anthu 10 kapena kuposerapo, pakhudzidwa anthu 100 kapena kuposerapo, boma lalengeza za ngozi, kapena lapempha thandizo kunja. Mu 2021, bungwe la UNDRR pamodzi ndi International Science Council anatulutsa matanthauzo a zoopsa 302, kuyambira zivomezi mpaka miliri.

Kuno kwathu kufunika kwake tinakuona ndi maso. Namondwe Ana anaomba mu January 2022, Gombe anatsatira mu March, ndipo mwezi womwewo kolera inabuka ku Machinga, n'kupha anthu oposa 1,700 m'dziko muno. Mliriwo usanathe, namondwe Freddy anagwetsa matope ndi miyala ku Chilobwe, ku Mulanje ndi ku Phalombe mu March 2023. Pa nthawi ngati imeneyi a zanyengo amayeza mvula pa masiteshoni awo, a nthambi ya boma yoona za ngozi ya DoDMA amawerenga mabanja potsata mafumu ndi midzi, a Unduna wa Zaumoyo amalowetsa odwala m'nkhokwe ya pa kompyuta ya DHIS2 potsata zipatala, pamene mabungwe othandiza amawerenga anthu m'misasa. Onsewa amakamba za anthu omwewo. Kuti zidziwike kuti msasa wa pasukulu yakuti uli m'dera la chipatala chakuti, ndiponso kuti mjigo umene wamira ndi womwe anthuwo amamwa, pamafunika kuti malo, banja, wokhudzidwa ndi wosowa pokhala zikhale ndi tanthauzo limodzi ndi nambala imodzi m'mabuku onse.

Ontology siiwerenga odwala. Ntchito imeneyo ndi ya alangizi a zaumoyo, anamwino ndi mafumu, ndipo nambala ikalakwika kumudzi imafika yolakwika ku Lilongwe. Komanso kugawana ziwerengero sikutanthauza kuulula mayina a odwala, chifukwa mgwirizano wabwino umanenanso zimene siziyenera kutuluka m'chipatala.

Pempho langa kwa maofesi onse okhudzidwa ndi lakuti akhale pansi m'chilimwe, mvula ya November isanagwe, agwirizane pa matanthauzo ndi manambala a malo. Nanunso owerenga, mukamva chiwerengero pa wailesi, funsani kuti awerenga ndani, ndipo asiya ndani.