Kumata kwa mtovu mu mpope wa mfuti

Kumata kwa mtovu ndi vuto limene limachitika pamene chipolopolo cha mtovu chadutsa mu mpope wa mfuti n'kusiya tizidutswa take titakanirira m'makoma a mpopewo. Vutoli limadziwika kwambiri pa mfuti zazing'ono za m'manja, monga volovolo, makamaka m'mayiko amene malamulo amalola anthu kudziumbira okha zipolopolo, monga United States. Anthu ambiri amaganiza kuti mtovu umamata chifukwa chakuti chipolopolo ndi chofewa. Zoona zake n'zakuti chipolopolo cholimba kwambiri nachonso chimamata, ndipo nthawi zambiri gwero la vutoli limakhala kusalingana kwa chipolopolo ndi mpope.

Mtovu ndi kulimba kwake

Mtovu ndi chitsulo cholemera koma chofewa, moti munthu angathe kuukanda ndi chikhadabo. Umasungunuka pa madigiri 327 Celsius, pamene chitsulo wamba chimafuna madigiri opitirira 1,500. Kulemera kwake komanso kusavuta kusungunula n'zimene zinachititsa kuti ukhale chitsulo cha zipolopolo kwa zaka mazana ambiri.

Kulimba kwa mtovu amakuyeza ndi njira imene Johan August Brinell, katswiri wa zitsulo wa ku Sweden, anayambitsa mu 1900. Amatenga kampira kolimba n'kukapanikiza pa chitsulo ndi mphamvu yodziwika, kenako amayeza kukula kwa kadzenje kamene katsala. Kadzenje kakakhala kakakulu ndiye kuti chitsulocho n'chofewa, ndipo nambala yake imakhala yaing'ono. Mtovu wosasakaniza ndi china chilichonse uli ndi nambala pafupifupi 5. Ukasakanizidwa ndi tini ndi antimoni umalimba. Msakanizo wotchedwa Lyman No. 2 umafika pafupifupi 15, ndipo wa linotype, umene kale ankapangira zilembo m'nyumba zosindikizira mabuku ndi nyuzipepala, umafika pafupifupi 22. Antimoni ndi amene amalimbitsa kwambiri, pamene tini amathandiza kuti mtovu wosungunuka udzaze bwino chikombole.

Mmene mtovu umamatira

M'kati mwa mpope wa mfuti zamakono muli timizere tozokotedwa mopotana. Chipolopolo chikamadutsa chimalumidwa ndi timizereti n'kuyamba kuzungulira ngati nguli, ndipo kuzungulira kumeneku n'kumene kumachithandiza kuti chisapatuke. Kuti izi zitheke, chipolopolo chimayenera kutseka mpope wonse ngati chivindikiro, kuti mpweya wotentha wa onga ukhale kumbuyo kwake. Onga ukaphulika, chipolopolo chofewerako chimafutukuka pang'ono kumbuyo kwake n'kutseka mipata yonse.

Mtovu umamata m'njira zitatu. Yoyamba ndi pamene chipolopolo chachepa, kapena chalimba moti mphamvu ya onga ikulephera kuchifutukula. Mpweya wotentha umathawira m'mbali mwake ndi liwiro lalikulu, n'kumasenda mtovu ndi kuupaka m'makoma. Mtovu wotere umapezeka kwambiri kumayambiriro kwa mpope. Pa volovolo vutoli limakula ngati timabowo ta m'kachitsulo kozungulira kamene mumakhala zipolopolo tili tating'ono kuposa mpope, chifukwa chipolopolo chimafinyika chisanalowe n'komwe mu mpopemo.

Njira yachiwiri ndi pamene chipolopolo chafewa kwambiri poyerekeza ndi mphamvu ya onga. Mtovu umalephera kugwira timizere tija, umatereraka n'kunyenyeka. Yachitatu ndi kutha kwa mafuta. Zipolopolo zoumba zimakhala ndi timikwasa todzazidwa ndi mafuta osakaniza ndi phula, ndipo mafutawo akatha chipolopolo chisanatuluke, mtovu umamata cha kukamwa kwa mpope. Motero amisiri a mfuti amayang'ana pamene mtovu wamata kuti adziwe chimene chalakwika.

Mtovu ukaunjikana umakwirira timizere, ndipo mfuti imayamba kuphonya. Choopsa kwambiri n'chakuti mpope umapanikizika, mphamvu ya onga imakwera kuposa mmene mfutiyo inapangidwira, ndipo izi zingathe kuiwononga ndi kuvulaza woigwira.

Mbiri

Mu 1849 msilikali wa ku France, Claude-Étienne Minié, anakonza chipolopolo cha mtovu wofewa chokhala ndi mphako kumbuyo, chimene chinkafutukuka n'kugwira timizere onga ukaphulika. Mu 1884 Paul Vieille, wa ku France komweko, anapanga onga wosafuka utsi wambiri, umene unali wamphamvu kwambiri moti mtovu wokhawokha sunkathanso kupirira liwiro lake. Yankho linali litapezeka kale mu 1882, pamene Eduard Rubin wa ku Switzerland anayamba kukuta mtovu ndi chikamba cha chitsulo cholimbirapo. Zipolopolo zambiri za asilikali ndi apolisi masiku ano n'zokutidwa chonchi, ndipo zimene zimasiya mu mpope ndi mkuwa, osati mtovu.

Oumba zipolopolo anapitiriza kugwiritsa ntchito mtovu. Elmer Keith wa ku United States, amene anathandiza kuti pakhale zipolopolo zamphamvu za .44 Magnum m'ma 1950, ankagwiritsa ntchito mtovu wofewerapo kuposa umene ambiri amauona ngati wofunika masiku ano. Nkhani yake imatchulidwa kawirikawiri posonyeza kuti kulimba pakokha si kumene kumathetsa vutoli.

Ku Malawi

Ku Malawi kuno mfuti imene imadziwika ndi zipolopolo zopangira pakhomo ndi gogodera, imene amathira onga ndi chipolopolo kukamwa n'kutsendera ndi kamtengo kapena kachitsulo. Mfuti zotere zinafala m'zaka za m'ma 1800 kudzera mu malonda a minyanga ndi akapolo, kuchokera ku gombe la nyanja ya mchere komanso ku chigwa cha Zambezi. Pangano la ku Brussels la mu 1890 linaletsa kugulitsa mfuti za timizere kwa anthu a m'dera lalikulu la Africa, koma linalola mfuti zachikale zosalala m'kati pamodzi ndi onga wamba. Ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zimene mfuti za mtundu umenewu zinakhalitsira m'midzi ya ku Malawi ndi m'chigwa cha Luangwa ku Zambia.

Popeza gogodera alibe timizere ndipo onga wake ndi wofooka, kumata kwa mtovu si vuto lake lalikulu. Chimene chimamuwononga ndi mwaye wa onga, umene umakoka chinyontho n'kuyambitsa dzimbiri. Ena amaikamo tizidutswa ta chitsulo m'malo mwa mtovu. Chitsulo sichifinyika, choncho chimakanda mpope ndipo chingathe kutsamwa. Mpope wosulidwa kuchokera ku paipi wamba ukhoza kuphulika m'manja mwa mwini wake.

Mfuti ndi zipolopolo zimayendetsedwa ndi lamulo la Firearms Act la mu 1967, ndipo ziphaso zimaperekedwa kudzera ku polisi. Kusunga mfuti kapena zipolopolo popanda chiphaso ndi mlandu, chimodzimodzinso kuzipanga popanda chilolezo cha boma. Mu Ogasiti 2001 atsogoleri a mayiko a SADC anasainira mu mzinda wa Blantyre pangano loyendetsera mfuti ndi zipolopolo, limene limalimbana ndi kupanga komanso kuzembetsa zida mosaloledwa. Lamulo loteteza nyama zakutchire, limene linakonzedwanso mu 2017, limapereka chilango chofika zaka 30 m'ndende pa milandu ikuluikulu yopha nyama zotetezedwa.

Kuopsa kwa mtovu pa umoyo

Anthu ambiri a m'matauni ngati Ndirande, Bangwe ndi Misesa amakumana ndi mtovu osati mu mfuti, koma m'mabatire a galimoto ndi a sola, mu zowotcherera mawailesi, ndiponso m'timiyala tolemeretsa maukonde ndi mbedza. Kufewa kumene kumachititsa kuti mtovu umate mu mpope n'kumenenso kumachititsa kuti utsale m'manja, m'zovala ndi pa dothi. Pousungunula pamatuluka fumbi ndi utsi zimene zimalowa m'magazi.

Bungwe la zaumoyo la World Health Organization limanena kuti palibe mlingo wa mtovu m'thupi umene ukudziwika kuti ndi wosavulaza. Ana ang'onoang'ono ndi amene ali pachiopsezo chachikulu, chifukwa matupi awo amayamwa mtovu wambiri kuposa akuluakulu, ndipo umawononga ubongo umene ukukula. Kwa akuluakulu umayambitsa kuthamanga kwa magazi ndi matenda a impso, ndipo kwa mayi woyembekezera ungachititse kuti apite padera kapena abereke mwana wosakwana masiku. Nyama yophedwa ndi chipolopolo cha mtovu imatha kukhala ndi tizidutswa tosaoneka ndi maso, timene sitichoka ngakhale nyamayo iphikidwe.