Makilomita oyamba a galimoto yaliwiro

Amene anagula BMW M3 ya injini ya V8, ija inatuluka mu 2007, anapeza m'buku la galimotoyo malamulo omangitsa mtima. Injini yake imatha kuzungulira maulendo 8,400 pa mphindi imodzi, koma bukulo linkati pa makilomita 2,000 oyamba isapitirire 5,500, liwiro lisadutse makilomita 170 pa ola, ndipo poponda moto phazi lisafike pansi. Mtundawo ukakwana, galimoto ibwerere ku galaja akakhuthule oyilo wa mu injini ndi wa mu difu. Mercedes-AMG imanenanso zofanana: makilomita 1,500, osadutsa 4,500, osapitirira makilomita 140 pa ola. Subaru WRX, imene ili yotsikirapo mtengo, malire ake ndi 4,000 pa makilomita 1,600 oyamba.

Ambiri akawerenga zimenezi amamva chinthu chimodzi chokha, chakuti galimoto yatsopano iziyenda mwaulesi. Ine ndikuti kumva kotero n'kolakwika, ndipo kungathe kuipweteka injini mofanana ndi kuithamangitsa mopusa. Kuti tione chifukwa chake, tiyenera kulowa m'kati mwa silinda.

M'silinda iliyonse muli pisitoni imene imakwera ndi kutsika, ndipo pisitoniyo siikhudza khoma mothina. Chimene chimatseka mpata ndi maring'i, timikombero tachitsulo timene kawirikawiri timakhala titatu. Awiri apamwamba amatsekereza mphamvu ya petulo woyaka kuti isathawire pansi, lachitatu limapala oyilo pakhoma kuti asakwere kukapsa. Khoma la silinda yatsopano silikhala losalala ngati galasi. Ku fakitale amalikanda dala ndi miyala yonolera, n'kusiya timizere topingasana timene timasunga oyilo. Nsonga za timizereti ndi zimene zimapala maring'i pang'onopang'ono, nawonso maring'i n'kumazidya, mpaka ziwirizi zigwirane bwinobwino. Zili ngati mphero yatsopano ndi mwana wake: miyala iwiriyo imayamba yaperesana kaye isanakhalane, ndipo ufa woyamba sulephera kukhala ndi timchenga. Timchenga ta injini ndi tizitsulo tosaoneka ndi maso timene timatsikira mu oyilo woyamba, n'chifukwa chake a BMW amafuna oyilo ameneyo achoke msanga.

Apa pali mfundo imene ambiri saidziwa. Ring'i palokha silikankha khoma mwamphamvu kwenikweni. Petulo akayaka, mpweya wotentha umalowa kuseri kwa ring'i lapamwamba n'kulikankhira kukhoma, ndipo mukaponda moto kwambiri, kukankhako kumakulanso. Ndiye injini imene imangolira itaima pakhomo m'mawa uliwonse, kapena yoyenda monyengerera tsiku ndi tsiku, maring'i ake amangosisita khoma osalidya. Oyilo wotentha amakanirira m'timizere tija, khoma limachita kunyezimira, ndipo mwayi wokhalana uja umapita. Injini yotero imatha kumadya oyilo moyo wake wonse, mwini wake n'kumadabwa poti anaisamala ngati dzira.

Mbali inayo ndi yoopsanso. Zitsulo zikadali ndi nsonga, pokhudzana pake pamatentha kuposa mmene padzatenthere zikadzasalala. Mukaifikitsa injini yotere pamalire ake n'kuisunga pomwepo, oyilo amapyapyala pamalo otenthawo, chitsulo chimakhudza chitsulo, khoma limakalika. Chokalika sichipola.

Kuzoloweza injini ndiye kuyenda pakati pa maenje awiriwa, ndipo njira yake si yovuta. Mukaliza injini musaidikire nthawi yaitali itaima. Nyamukani, muyende modekha mpaka itenthe. Kumbukirani kuti oyilo amachedwa kutentha kuposa madzi, choncho muvi wa madzi ukafika pakati musafulumire kunena kuti zonse zapsa. Magalimoto ambiri aliwiro ali ndi geji ya kutentha kwa oyilo, ndipo ndi imene muyenera kuyang'ana. Ikatentha, ipatseni ntchito. Pondani moto molimba ndithu muli m'giya yapakati, injini ikoke kwa kanthawi osadutsa malire a m'buku, kenako chotsani phazi kuti galimoto ichepetse yokha liwiro giya isanachoke. Mukatero maring'i alandira katundu, kenako apuma ndi kuzizira. Sinthani magiya, sinthani liwiro. Msewu wokwera ndi kutsika, wokhotakhota, umachita ntchito imeneyi bwino kuposa msewu wowongoka umene munthu amangoika phazi pamalo amodzi kwa maola awiri. Chipangizo chosungira liwiro limodzi chija, cruise control, chisiyeni kaye.

Cholakwa china ndimachiona kawirikawiri kwa anthu ofatsa: kuyenda m'giya yapamwamba liwiro lili lochepa, n'kumaponda moto pachitunda injini ikunjenjemera. Amaganiza kuti akuipumitsa poti siikulira kwambiri, chonsecho akuisenzetsa katundu wolemera pa nthawi imene pampu ya oyilo ikuzungulira pang'onopang'ono. Tsitsani giya. Maulendo afupiafupi, oti injini imazima isanatenthe, nawonso achepe masiku amenewa, ndipo batani lonyamukira mwankhanza lija, launch control, lidikire.

Pali anthu okonda magalimoto amene amatsutsa zonsezi. Iwo amati injini zamakono zimapangidwa mwaluso kwambiri, makoma amanoledwa mosalala kuposa kale, ndipo maring'i amakhala atakhazikika m'maola ochepa oyamba, choncho ithamangitseni kuyambira tsiku loyamba. Mawu awowa ali ndi choonadi china. Injini za masiku ano sizifuna kuleredwa ngati za makolo athu, ndipo zina zimachoka ku fakitale zitayamba kale ntchito. Ya Honda NSX ya 2016, yomangidwa ndi manja ku Anna m'chigawo cha Ohio, inkalizidwa pa makina oyesera mofanana ndi ulendo wa makilomita pafupifupi 240 isanaikidwe m'galimoto. Koma pamene ndimasiyana nawo ndi apa: iwo amaganiza za maring'i okha, ngati kuti galimoto yonse ndi maring'i.

Taonani zimene anachita a Chevrolet pa Corvette ya 2020, yoyamba ya mtunduwo kukhala ndi injini kumbuyo kwa dalaivala. Sanadalire kuti wogula awerenga buku. Pa makilomita 800 oyamba kompyuta ya galimotoyo imachepetsa yokha mphamvu m'giya yoyamba ndi yachiwiri, ndipo mzere wofiira wa pa geji ya kuzungulira kwa injini umakhala wotsika mpaka mtundawo ukwane. Bwanji magiya awiri okhawo? Chifukwa m'magiya otsika ndi mmene mano a giyabokosi ndi a difu amalandira mphamvu yochuluka kwambiri, ndipo nawonso amafuna kukhalana asanasenze katundu yense. Kampani imene imagulitsa galimoto potama mphamvu zake siingadzichotsere mphamvuzo popanda chifukwa. Ine ndimakhulupirira mainjiniya amene amaphwasula injini zoyesera n'kuziyeza, ndiponso amene adzalipire chinthu chikawonongeka m'nthawi ya chitsimikizo, kuposa munthu amene anathamangitsa galimoto imodzi ikali yatsopano n'kuona kuti sinafe.

Zina zimene zimazolowera limodzi ndi injini n'zokhudza moyo weniweni. Matayala atsopano sagwira msewu mokwanira pa makilomita 300 oyamba, ndipo mabuleki ndi kilatchi zimafuna pafupifupi 500 kuti zikhazikike. Manambala amenewa ali m'mabuku a BMW. Munthu woyesa liwiro la galimoto pa tsiku limene waitenga amakhala akudalira mabuleki amene sanafike pachimake. Muziyang'ananso mlingo wa oyilo pafupipafupi, poti injini yatsopano imatha kumwako pang'ono kuposa mmene idzachitire mtsogolo.

Za liwiro la 170 ndi 140 lija, musalitenge ngati chilolezo. Analilemba ndi anthu a ku Germany, kumene mbali zina za misewu ikuluikulu zilibe malire a liwiro. Maring'i sadziwa kuti galimoto ikuthamanga bwanji. Amangomva katundu ndi kutentha. Giya yachitatu pachitunda imawapatsa zonse zimene akufuna popanda kuphwanya lamulo la pamsewu kapena kuika pangozi mwana wodutsa ndi njinga.

Kuno kwathu ndi ochepa amene adzatenge M3 ikali m'mapepala, poti magalimoto ambiri amafika atayenda kale ku Japan. Komabe nkhaniyi imatikhudza pamalo awiri. Injini imene makaniko waiphwasula n'kuika maring'i atsopano ndi yatsopano pa nkhani imeneyi, ndipo imafuna chisamaliro choposa ya ku fakitale, chifukwa kunola kwa m'galaja wamba sikusalala ngati kwa makina a kampani. Zimandipweteka kuona minibasi yotuluka kumene m'manja mwa makaniko itaima pa siteji ola lathunthu injini ikulira, kenako n'kunyamuka itadzaza thothotho. Malo achiwiri ndi njinga zamoto za kabaza, zimene ambiri amagula zatsopano. Injini zake ndi zazing'ono, zoziziritsidwa ndi mphepo, oyilo wake safika patali, ndipo mnyamata amene wakweza anthu awiri pa tsiku loyamba akufupikitsa moyo wa chinthu chimene chikumudyetsa. Oyilo woyamba wa njinga yotero achoke pa mtunda umene buku lanena, asadikire kuti ndalama zipezeke kaye.

Tikabwerera ku galimoto yaliwiro ija, mtunda ukakwana, oyilo ndi fyuluta zitasinthidwa, musalumphe kuchoka pa 5,500 kufika pa 8,400 madzulo omwewo. Buku la M3 ija limati kuyambira makilomita 2,000 mpaka 5,000 muzikweza pang'onopang'ono, ndipo a Chevrolet amati Corvette isalowe m'bwalo la mpikisano isanakwanitse makilomita 2,400.