Munthu mmodzi, mayina atatu: chopunthwitsa cha ofuna ngongole ya nyumba

Chichitikireni kalembera wa nzika zonse mu 2017, pamene anthu oposa 9 miliyoni a zaka 16 kupita m'tsogolo anajambulidwa ndi kutengedwa zidindo za zala, chiphaso cha unzika chasanduka chikalata choyamba chimene banki iliyonse imafunsa, ndipo makalata a anyakwawa ndi ziphaso zovotera zimene kale zinkakwanira kutsegulira akaunti zachepa mphamvu. Ambiri ankayesa kuti funso lakuti munthu ndi yani latheratu, koma ofunsira ngongole ya nyumba akupeza kuti chiphasocho chimangotsimikiza munthu wa lero, pomwe ngongoleyo imafukula zikalata za zaka makumi awiri kapena atatu zapitazo, zolembedwa ndi manja osiyanasiyana pa nthawi imene kunalibe kaundula mmodzi wofananitsirapo.

Ngongole ya nyumba, imene a kubanki amaitcha mogeji, ndi ndalama zobwereka pogula kapena pomanga nyumba, ndipo chikole chake ndi nyumbayo pamodzi ndi malo amene yakhalapo. Banki imakalembetsa chikolecho ku kaundula wa malo, pa chikalata cha umwini chija ambiri amachitcha taitolo didi, kuti mwini malo asawagulitse ngongole isanathe. Choncho banki imafuna kukhutira kuti amene waima pakauntala, amene amalandira malipiro obwezera ngongole ndi amene walembedwa pa taitolo didi ndi munthu mmodzi, ndiponso lamulo la 2017 lolimbana ndi milandu ya zachuma limaikakamiza kumudziwa bwino kasitomala wake isanamugwiritse ndalama.

Mphunzitsi wina wa kupulayimale mumzinda wa Lilongwe, mayi wa zaka za m'ma 40 amene anamanga nyumba mpaka pa linta ndi ndalama za chipeleganyu, anapita kubanki ina kukapempha ngongole yomalizitsira denga, mazenera ndi pulasitala. Anatenga zikalata zake zonse m'envulopu yakhaki yofewa ndi ukalamba, yokulungidwa m'jumbo kuopa mvula, ndipo atazitandika patebulo panaoneka anthu atatu. Pa satifiketi za sukulu ndi pa kapepala ka malipiro panali dzina limene anapatsidwa ali mtsikana pobwereza Sitandade 8 kachitatu, pamene aphunzitsi aakulu analangiza makolo ake kuti alembetse mwanayo ngati watsopano, ndi dzina la amalume ake komanso zaka zochotserako ziwiri, poopa kuti wobwereza sasankhidwa kupita kusekondale. Pa taitolo didi mayiwo analembedwa ndi dzina la malemu amuna awo, popeza puloti anaigula ali pabanja ndipo aliyense ankawaitana mayiwo ndi dzina la bambo wa pakhomo. Pa chiphaso cha unzika panali dzina lawo lobadwa nalo ndi mfunda wa atate awo, chifukwa tsiku la kalembera analembetsera kumudzi ku Dedza pamaso pa anyakwawa, amene sakanalola kuti mwana wa m'mudzi mwawo atchulidwe ndi dzina lachilendo. Ngakhale dzina loyamba lenilenilo linalembedwa ndi "l" pa chikalata china ndi "r" pa chinzake, monga zimachitikira kawirikawiri m'chinenero chimene zilembo ziwirizi zimalowana m'malo popanda wodandaula.

Wogwira ntchito wa kubankiyo, mnyamata wa msinkhu wa ana amene mayiwo anawaphunzitsapo, anawalandira mwaulemu, nawatchula kuti amayi nthawi yonse, koma anawauza kuti fayilo singayende. Mayiwo anavula magalasi, nafunsa ngati nkhope ili pachiphaso si yomwe ili pamaso pake, ndipo anatambasula dzanja kuti ayese chala pamakina. Chala chinagwirizana ndi chiphaso, koma chala sichinena kanthu za taitolo didi, imene ilibe chithunzi kapena chidindo cha chala ndipo imangodalira dzina. Anabwerera kwawo pa minibasi envulopu ili pamiyendo, ndipo nyumba ija inapyola dzinja lina ili yosafolera, udzu ukumera m'chipinda chochezera, njerwa za pamwamba zikunyenyeka.

Mkangano umene nkhani zotere zimautsa wagona pa afidaviti, chikalata chimene munthu amalumbira pamaso pa loya kapena woweruza milandu, kunena kuti mayina onse olembedwawo ndi a iye yemweyo. Obwereka ambiri, pamodzi ndi maloya ena, amati chikalatachi n'chokwanira, popeza kunama polumbira ndi mlandu, ndipo ngati amfumu, abwana a kuntchito ndi achibale awiri aikirapo umboni, palibenso chifukwa chomuzunguzira munthu. Amakumbutsanso kuti kulembetsa ana obadwa kunayamba kukakamizidwa mu 2015, kotero kuti ambiri mwa amene lero ali pa msinkhu wobwereka anakula opanda chikalata cha kubadwa, ndipo dzina ndi chaka zinkalembedwa monga wanenera kholo kapena monga wamvera mlembi. Kuwalanga anthu otere, iwo amati, n'kuwalipiritsa chifukwa cha mpata umene boma lomwe linausiya.

A kubanki amaiona nkhaniyi mwina. Kwa iwo afidaviti ndi mawu a wobwereka yemweyo, ongoikidwa chidindo, ndipo loya amene wadindayo amachitira umboni kuti munthu walumbira, osati kuti zimene walumbirazo n'zoona. Chinyengo cha malo m'mizinda chimayenda m'njira yomweyi: wina amatenga taitolo didi ya m'bale wake womwalira kapena wokhala kunja, nalumbira kuti dzinalo ndi lake lina, natenga ngongole, ndipo eni enieni amadzidzimuka nyumba ikutsatsidwa malonda. M'dziko limene a Phiri ndi a Banda ali m'boma lililonse, ndipo mayi mmodzi akhoza kudziwika kuti Naphiri kumudzi, ndi dzina la mwamuna wake kutchalitchi, ndi dzina la sukulu kuntchito, kufanana kwa mayina si umboni wolimba, ndipo kusiyana kwake sikutsimikiza kuti pali bodza. Banki imadziwanso kuti tsiku limene idzafune kugulitsa chikole, khoti lidzayang'ana dzina lolembedwa m'kaundula wa malo, ndipo likadzasiyana ndi la wosayina ngongole, ndalama zikhoza kulowa m'madzi.

Mantha a banki ndi omveka, koma katundu yense wasenzetsedwa wobwereka. Kukonza dzina pa taitolo didi kumafuna ulendo wa ku ofesi ya malo, kulikonza pa chiphaso kumafuna wa ku ofesi ya kalembera, ndipo kulisintha kwenikweni kuli ndi lamulo lakelake, lofuna chilolezo cha boma ndi kulengeza poyera, n'chifukwa chake m'manyuzipepala simusowa timabokosi ta osintha mayina. Kwa wogwira ntchito m'boma palinso china chimene ambiri sachitchula mokweza, chakuti kukonza chaka chobadwa kumasuntha tsiku lopuma pantchito, ndipo kuvomera kuti satifiketi ili m'dzina lobwereka kumautsa mafunso ena kuntchito. Miyezi ikamapita choncho mitengo siidikira, ndipo amene anagwidwa ndi kugwa kwa kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 fayilo ili panjira anapeza kuti ndalama zimene anapempha sizikukwananso malata ndi simenti zomwe anawerengera. Chodabwitsa n'chakuti mabanki sachita mofanana, pakuti afidaviti yokanidwa pakhomo lina imalandiridwa pakhomo loyandikana nalo ikaphatikizidwa ndi kalata ya ukwati ndi ya kuntchito, ndipo mphunzitsi uja anathandizidwa motero patapita miyezi yambiri, osasintha chikalata n'chimodzi chomwe.

Dzina likatheka pamatsala umboni wa kumene munthu amakhala, umene banki imaufuna mwa bilu ya madzi kapena risiti ya mayunitsi a magetsi, ngakhale kuti kwa wochita lendi mapepalawa amakhala m'dzina la alandilodi. M'makwalala ambiri mulibe mayina a misewu kapena manambala a nyumba, choncho mafomu ena amasiya kabokosi koti wofunsira ajambulemo mapu a kwawo. M'mafayilo a ngongole za mamiliyoni ambiri, pambali pa chiphaso chosunga zidindo za zala, mumapezeka kapepala kojambulidwa ndi bolopeni, kosonyeza chigayo, mjigo, tchalitchi ndi mtengo wa mango pamene munthu ayenera kukhotera kumanzere.