Nkhalamba ya Bedford ikana kufa ku Mzimba

Mvula ikakhazikika mu Januwale, misewu yafumbi ya kummwera kwa boma la Mzimba imasankha galimoto. Njira zolowera ku Khosolo, Luwerezi, Mabulabo kapena m'nkhalango ya Luwawa zimasanduka phala, moti malole amakono ooneka bwino aja amabwerera pomwe pathera tala.

Apa m'pomwe eni katundu amakumbukira nkhalamba: chilole cha Bedford chotalika miyendo, chokoka ndi mateyala onse anayi, chomwe chidapangidwira asilikali zaka zoposa 50 zapitazo.

Malolewa atsala owerengeka. Koma ochepa omwe akupumabe ali ndi chinsinsi chimodzi. Utoto ungakhale wakale, chitseko chingamangidwe ndi waya, koma injini yomwe ikulira m'katimo kawirikawiri si yomwe lole idabadwa nayo.

Kudachokera nkhalambayi

Bedford idali nthambi ya kampani ya Vauxhall ya ku Britain. Kuyambira m'chaka cha 1953, kampaniyi idayamba kupanga lole ya mtundu wa RL, yomwe idakhala msana wa asilikali a dzikolo komanso a m'maiko ambiri omwe adali pansi pa ulamuliro wa Angerezi. Malole a RL oposa 70 000 adapangidwa mtunduwu usadalowedwe m'malo ndi wa MK cha m'ma 1970.

RL idapangidwa kuti izinyamula matani atatu kapena anayi m'malo opanda msewu. Idali ndi injini ya petulo ya masilinda 6, ya malita 4.9.

M'masiku amenewo petulo sadali nkhani, makamaka kwa gulu la nkhondo lomwe silimwa mafuta ndi ndalama ya m'thumba. Koma lole yotere ikagulitsidwa pa okushoni n'kugwa m'manja mwa munthu wamba, ludzu lake limaonekera sabata yoyamba yomwe.

Vuto lachiwiri ndi la zipangizo. Bedford idasiya kupanga malole akuluakulu cha m'ma 1986, ndipo kampani ya AWD yomwe idagula fakitale ya ku Dunstable mu 1987 nayo idagwa mu 1992. Lero kupeza kabureta kapena mapisitoni a injini ya petulo ija n'kovuta kuposa kupeza injini ina yathunthu.

Chifukwa chiyani dizilo?

Injini ya petulo imasakaniza mafuta ndi mpweya, mapulagi n'kuyatsa moto. Ya dizilo ilibe mapulagi otere. Imafinya mpweya wokha mpaka utatentha kwambiri, kenaka manozo amapopera mafuta omwe amayaka okha.

Kufinya kwakukuluko n'komwe kumachititsa kuti dizilo ayende mtunda wotalikirapo pa lita imodzi, komanso kuti injini ikhale ndi mphamvu yokoka ngakhale ikuzungulira pang'onopang'ono. Pamtunda wamatope, lole itasenza matabwa aawisi kapena matumba a chimanga, mphamvu imeneyi ndiyo yofunika, osati liwiro.

Madzinso sayiopsa kwenikweni. Ya petulo, mawaya a mapulagi akangonyowa powoloka mtsinje, ulendo wathera pomwepo.

Injini zomwe amakaniko amazikonda pantchitoyi n'zodziwika: Bedford 330 ya dizilo, Perkins 6.354, Isuzu 6BD1, Cummins 6BT komanso OM352 ya Mercedes-Benz, yomwe ku South Africa inkapangidwa ndi fakitale ya Atlantis pa dzina la ADE 352. Zonsezi n'za masilinda 6, ndipo kukula kwake n'kwa pakati pa malita 5 ndi 6.

Apa Mzimba ili ndi mwayi womwe maboma ena alibe. Kuyambira nthawi ya Wenela ndi Teba, ana a bomali sadasiye kupita ku Joni, ndipo amatransipota omwe amabweretsa mafiriji, njinga ndi malata kuchokera ku Johannesburg ndi omwewo angabweretsenso pampu, manozo kapena injini yogwirapo kale ntchito.

Ntchito ili pa kulumikiza

Kuzula injini yakale n'kwa tsiku limodzi: mitengo itatu yolimba, tcheni ndi anyamata amphamvu. Mutu umadwala poikamo yatsopano.

Choyamba, injini yachilendo sigwirizana mabowo ndi giyabokosi ya Bedford. Pamafunika mbale yachitsulo yolumikizira ziwirizi, ndipo iyenera kubooledwa mosaphonya. Ikapendekeka ngakhale pang'ono, kilatchi imatha msanga ndipo giyabokosi imayamba kulira. N'chifukwa chake ena amagula injini pamodzi ndi giyabokosi yake, n'kudula kapena kuwonjezera pulopela shafuti.

Chachiwiri ndi malo. Lole yokoka ndi mateyala onse ili ndi difu kutsogolo, pansi penipeni pa injini. Sampu ya injini yatsopano ikatsika kwambiri, tsiku lomwe lole idzagwere m'dzenje difu idzaiboola, oilo n'kutayikira pansi.

Chachitatu ndi kulemera. Injini ya dizilo ndi yolemera kuposa ya petulo, choncho miyendo yoikhazikapo iyenera kuwotchereredwa mwatsopano ndipo masipuling'i akutsogolo amafuna kuwonjezera. Radiyeta nayo iyenera kukula, thanki itsukidwe, paikidwe paipi yobwezera mafuta otsala, ndipo nthawi zambiri magetsi amasintha kuchoka pa mavoti 12 kufika pa 24, kutanthauza mabatire awiri.

Pali chinanso chomwe chimadabwitsa eni malole. Popeza injini ya dizilo siyizungulira mothamanga ngati ya petulo, lole imatha kukoka bwino koma liwiro n'kutsika. Dalaivala wosaleza mtima akamaikakamiza pa tala wa M1, amapha injini yomwe bwana wake wagulitsira ng'ombe.

Ndipo mphamvu ikachuluka, imakafuna pofooka. Ma hafu shafuti omwe adapangidwira injini yofatsa amathyoka ngati mzimbe dalaivala akamasula kilatchi mwankhanza lole itatitimira.

Pomwe pagona moyo wa anthu

Chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere. Lole itha kulira bwino, kukwera mtunda mosatsokomola, koma funso lalikulu n'lakuti: kodi iima?

Malole ambiri akale a petulo ali ndi mabuleki omwe amathandizidwa ndi kukoka kwa mpweya komwe injini ya petulo imapanga yokha ikamalira. Injini ya dizilo siipanga kukoka kotereku. Makaniko akapanda kuikapo pampu yapadera, kapena kusinthiratu mabuleki kuti aziyendera kompuresa, dalaivala amatsala ndi mphamvu ya mwendo wake basi.

Pabwalo la galaja, lole ili yopanda kanthu, vutoli silioneka. Limaonekera pamtsetse wa m'mapiri a Viphya, kumbuyo kuli matani a matabwa, pamwamba pake pali anthu a matola: amayi opita kumsika wa Jenda ndi tomato, odwala opita kuchipatala cha Embangweni, ana asukulu.

Lamulo nalo lili ndi mawu ake. Nambala ya injini imalembedwa m'kaundula wa galimoto, choncho wosintha injini ayenera kukadziwitsa a Road Traffic ndi kuonetsa umboni wa komwe injiniyo idachokera. Lole iyeneranso kukayezedwa kuti ipeze chiphaso cha COF. Kwa anthu a ku Mzimba, izi zikutanthauza ulendo wa ku Mzuzu, koma ulendowo ndi wotchipa kuyerekeza ndi kukanidwa ndi kampani ya inshuwalansi ngozi itachitika, kapena kupezeka ndi injini yakuba. Safunsa adadya phula.

Mawa la nkhalambayi

Ntchito yomwe idasunga malole otere kwa zaka zambiri ndi ya matabwa. Nkhalango ya Chikangawa, ya mahekitala pafupifupi 53 000, idadzalidwa kuti idzadyetse fakitale ya mapepala yomwe siidamangidwe. M'malo mwake idadyetsa macheka, ndipo moto wolusa pamodzi ndi kudula kosabwezera zidasiya mapiri ambiri ali mbee.

Koma katundu sadathe. Fodya akufunabe kukafika ku okushoni ya ku Mzuzu, chimanga ndi nyemba zikufunabe kutuluka m'midzi, mchenga ndi njerwa zikufunika pa Boma pomwe ndalama za ku Joni zikumanga nyumba usiku ndi usana.

Chikwereni mitengo kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, lole yatsopano yokoka mateyala onse yasanduka loto kwa wamalonda wamba. Chasisi cha Bedford chomwe chagona pansi pa mtengo wa mango, dzimbiri lisadachidye, n'chuma.

Chomwe chikuchepa msanga kuposa malolewo ndi amisiri. Makaniko odziwa kutchera pampu ya dizilo ndi khutu, osadalira kompyuta, ambiri ndi aimvi tsopano, pomwe anyamata omwe akadawalowa m'malo maso awo ali pa pasipoti.

Bedford itha kulandira injini yachitatu, ngakhale yachinayi. Koma ikasowa woiika moyenera, idzakhala khola la nkhuku, ndipo matumba a ku Khosolo adzadikira chilimwe.