Kutopa kwa makutu kumaonekera m'diso

Pa msika wa Milange, m'munsi mwa phiri la Tumbine, phokoso silisowa. Njinga zamoto zimangolira, a kabaza akuliza mabelu, ogula chimanga ochokera ku Muloza akunenerera mitengo, wina kuwerengera kwacha, wina metical. Munthu amene makutu ake ayamba kufooka amamva ndithu pamalo otere, koma amatola mawu theka, ena n'kumachita kulumikiza yekha m'mutu. Pofika madzulo amakhala atatheratu mphamvu, ndipo akamuyankhula kunyumba amangoti duu. Apa m'pamene abale amayamba kunena kuti, “Agogowa amamva akafuna.”

Mlandu umenewu ndi wowasemera, ndipo umboni wake uli m'diso.

Kamwana ka diso, kadontho kakuda ka pakati paja, kamakula mumdima n'kuchepa padzuwa, kuyambira mamilimita pafupifupi 2 mpaka 8. Koma kamakulanso ubongo ukakhala pa ntchito yolemetsa. Mu 1964, Eckhard Hess ndi James Polt a ku Chicago anaona kuti munthu akamawerengera samu yovuta pamtima, kamwanaka kamakula. Mu 1966, Daniel Kahneman ndi Jackson Beatty anapatsa anthu manambala oti awasunge m'mutu: manambala akamachuluka kamwanaka kamakula, munthu akamawatchula n'kumawatula kamabwerera pang'onopang'ono. Kusinthaku n'kochepa zedi, kawirikawiri sikufika theka la milimita, ndipo munthu sangakupange mwadala.

Akatswiri a makutu a ku Amsterdam, motsogozedwa ndi Sophia Kramer, anayesa njirayi pa anthu osamva bwino mu 1997, ndipo Adriana Zekveld anaipitiriza m'zaka za 2010 ndi 2011. Munthu amakhala m'chipinda chowala mosasinthasintha, atavala zomvetsera m'makutu, maso ali pa kadontho ka pa kompyuta. Amamvetsera ziganizo zosakanizidwa ndi phokoso n'kumazibwereza, kamera ikujambula diso lake. Mawu akamavuta kumva, kamwana ka diso kamakula. Anthu awiri akhoza kubwereza molondola mawu ofanana, koma diso n'kusonyeza kuti mmodzi wachita kukhetsa thukuta. Chomvetsa chisoni n'chakuti phokoso likapyola muyeso, kamwanako sikakulanso kwambiri. Munthuyo amakhala wataya mtima, wasiya kuyesa.

Ofufuza ena apezanso kuti kumvetsera chilankhulo chimene munthu sanabadwe nacho kumakulitsa kamwana ka diso kuposa kumvetsera chakwawo. Ku Milange nkhani imeneyi si yakutali. Mwana amene kunyumba amayankhula Chichewa kapena Chilomwe, akafika m'kalasi momwe mphunzitsi akuyankhula Chipwitikizi amakhala wasenza kale katundu. Akakhala kuti khutu lake limatuluka mafinya, ndiye katundu wawirikiza. Mwana wotere sachedwa kutchedwa mbuli kapena wamwano, chikhalirecho wakhala akulimbana ndi mawu kuyambira m'mawa.

Zowononga makutu n'zodziwika: mafinya osachiritsidwa msanga, chikuku, matenda oumitsa khosi, ukalamba, mankhwala ena amphamvu monga jakisoni wa streptomycin amene ankabaya odwala TB, komanso phokoso la tsiku ndi tsiku. Mnyamata wogayitsa pa chigayo amene amaswera pafupi ndi injini popanda chotseka m'makutu amawononga makutu ake mosazindikira. Bungwe la WHO linanena mu 2021 kuti anthu oposa 1.5 biliyoni pa dziko lonse ali ndi vuto la kumva, ndipo 430 miliyoni mwa iwo akufunika thandizo.

Kuyeza diso motere kukadali kwambiri m'manja mwa ofufuza, ndipo opanga zipangizo zothandiza kumva amakugwiritsa ntchito pofuna kudziwa ngati chipangizo chikumupepukitsira munthu ntchito yomvetsera. Kuyeza makutu kwa masiku onse, kuja munthu amakweza dzanja akamva kulira kwa makina, kumachitika tsidya lina la malire pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, komwe kuli chipinda choyezera makutu.

Njira zina zothandiza zilibe mtengo. Poyankhula ndi gogo, wayilesi izimitsidwe kaye, woyankhula amuyang'ane kumaso pamalo powala, ayankhule modekha osakalipa, ndipo anthu asayankhule awiri nthawi imodzi. Mwana wa khutu la mafinya apite naye kuchipatala msanga, ndipo mphunzitsi amukhazike kutsogolo, kutali ndi zenera loyang'ana kumsewu.