Mbiri Yolembedwa ndi Mwini Wake: Chitsanzo cha Masauko Chipembere

Ophunzira ambiri akamva za nkhani zolembedwa amangoganiza za nkhani zopeka, zisudzo ndi ndakatulo. Koma palinso mtundu wina wa zolembedwa umene wophunzira wa Fomu 4 ayenera kuudziwa bwino. Umenewu ndi mbiri ya moyo wa munthu, ndipo ili pawiri. Pali mbiri imene munthu amalemba yokhudza munthu wina, monga momwe Samuel Josiah Ntara analembera za mfumu Msyamboza ya ku Dowa ndi za m'busa Namon Katengeza. Palinso mbiri imene munthu amalemba yekha yofotokoza za moyo wake. Buku la Nthondo, limene linatuluka m'chaka cha 1933, musaliike m'magulu awiriwa. Ngakhale limatsata munthu kuyambira kubadwa mpaka kumwalira, Nthondoyo ndi mpangankhani wopeka.

M'mutu uno tiona mbiri yolembedwa ndi mwini wake, makamaka mwiniyo akakhala wandale. Chitsanzo chathu ndi buku la Henry Masauko Chipembere lotchedwa Hero of the Nation, limene linakonzedwa ndi Robert Rotberg. Bukuli ndi la m'Chingerezi, koma luso lolizukutira ndi lomwe lija mumagwiritsa ntchito pozukuta mabuku a Chichewa.

Kodi wofotokoza nkhani ndani?

M'nkhani yopeka mlembi, wofotokoza nkhani ndi mpangankhani wamkulu akhoza kukhala anthu atatu osiyana. M'mbiri yolembedwa ndi mwini wake atatuwa ndi munthu mmodzi, ndipo amayankhula ndi liwu loti "ine". Apa m'pamene ophunzira ambiri amapunthwa. Iwo amaganiza kuti popeza mlembi analipo pamene zinthuzo zinkachitika, ndiye kuti zonse zimene wanena n'zosatsutsika.

Taganizirani za asodzi a chilimira amene abwerako m'mawa pa doko la Senga Bay kapena pa Chipoka alibe usipa wokwanira ngakhale ndiwo. Mukafunsa siginala, adzakuuzani kuti alovi anachedwa kukoka. Mukafunsa alovi, adzati siginala ndiye sanaone bwino pamene panali nsomba. Mwini khoka, amene anagona kunyumba, adzanena za mwera. Palibe amene wanama mwadala. Aliyense wafotokoza usikuwo kuchokera pamene iye anaima. Wandale wolemba mbiri yake ali ngati siginala uja: anaona zambiri zimene ena sanaone, komanso ali ndi dzina loti aliteteze.

Chinanso choti mudziwe n'chakuti "ine" wa m'buku lotere ali pawiri. Pali "ine" wachinyamata amene akuchita zinthuzo osadziwa za mawa, ndiponso "ine" wachikulire amene akulemba akudziwa kale momwe zinathera. Chipembere analemba ali ku ukapolo wa ndale, kutali ndi kwawo, atasemphana kale ndi Dr Hastings Kamuzu Banda. Choncho ngakhale pamene akufotokoza za ubwana wake, dzanja logwira cholembera ndi la munthu amene walawa ndende, unduna ndi kuthawa.

Banja ndi malo

Chipembere anabadwa pa 5 Ogasiti 1930 ku Kayoyo, m'boma limene lero ndi Ntchisi. Bambo ake, a Habil Matthew Chipembere, anali mphunzitsi wa mishoni amene pambuyo pake anadzozedwa unsembe mumpingo wa Anglican. Banjali linali logwirizana ndi mishoni ya pa chilumba cha Likoma, koma mudzi umene Masauko ankadziwika nawo ndi Malindi, kum'mawa kwa nyanja m'boma la Mangochi, limene pa nthawiyo linkatchedwa Fort Johnston. Dzina loti Masauko anapatsidwa ndi mayi ake chifukwa cha mavuto amene anakumana nawo ali ndi pakati.

Onani kuti mayina a malo atatu atuluka kale: Kayoyo, Likoma ndi Malindi. Mwana wa wantchito wa mishoni ankapita kumene bambo ake atumizidwa. Akuluakulu amati mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Mukafunsidwa za malo ochitikira nkhani, musangondandalika mayinawo ngati mukuitana basi. Fotokozani ntchito ya malowo pa moyo wa mpangankhani. Mwana wokulira pakati pa Anyanja, Achewa ndi Ayao, pakati pa Akhristu ndi Asilamu, amazolowera msanga kuti dziko ndi lalikulu kuposa mudzi wa kwawo. Inu a ku Salima izi sizachilendo, poti mzikiti ndi tchalitchi zimayang'anizana m'midzi yambiri ya m'mbali mwa nyanja.

N'chifukwa chiyani andale amakonda kuyamba ndi makolo awo? Chifukwa choyamba n'chodziwikiratu: moyo umayambira pamenepo. Chachiwiri n'chobisika. Pofotokoza za makolo olimbikira, oopa Mulungu ndi olemekezeka, mlembi amakhala akuuza wowerenga kuti, "Ine sindine munthu wongotola. Ndili ndi kwathu, ndinaleredwa mwamwambo." Kwa Chipembere mfundoyi inali yolemera kwambiri, chifukwa kuyambira 1964 boma linkamutchula kuti chigawenga.

Chikhulupiriro

Simungamvetse banja la Chipembere popanda kudziwa mpingo umene unalilera. Amishoni a UMCA anakhazikika pa Likoma m'chaka cha 1885, ndipo msewu wawo waukulu unali nyanja. Mmodzi wa iwo, Bishopu Chauncy Maples, anamira m'chaka cha 1895 pamene ngalawa yake inagubuduzika ndi namondwe kufupi ndi Leopard Bay, kumpoto kwa Senga Bay kuno ku Salima. Anaikidwa ku Nkhotakota. Sitima yotchedwa dzina lake inayamba kuyenda panyanja kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, ikunyamula ansembe, aphunzitsi ndi mankhwala kupita kumasukulu ndi matchalitchi a m'mbali mwa nyanja. Aphunzitsi ndi ansembe achikuda onga a Habil Chipembere anali zipatso za ntchito imeneyi.

Pozukuta mfundo ya chikhulupiriro m'mbiri za andale a m'badwo umenewu, yang'anani mbali ziwiri. Mpingo unapereka sukulu, Chingerezi, mwambo wosunga nthawi ndi chiphunzitso choti anthu onse ndi ofanana pamaso pa Mulungu. Koma mwana yemweyo akatuluka m'tchalitchi ankapeza dziko limene mzungu ndi munthu wakuda sankalandira malipiro ofanana ngakhale kugula pa khomo limodzi la sitolo. Kusamvana kumene kumayendetsa mabuku ambiri otere kumabadwira pamenepa. Wophunzira amene angolemba kuti "mlembi anali wopemphera" wanena zoona, koma sanazukute kanthu. Funso lenileni ndi loti: chikhulupirirocho chinamuchititsa chiyani?

Tisaiwalenso kuti banja, mpingo ndi ndale sizinali m'madengu osiyana. Pamene Masauko anali m'ndende, bambo ake, wansembe uja, ndiwo analowa m'Nyumba ya Malamulo m'malo mwake m'chaka cha 1961.

Kulowa m'ndale

Chipembere anaphunzira pa Blantyre Secondary School, kenako ku Goromonzi ku Southern Rhodesia, n'kukamaliza pa koleji ya Fort Hare ku South Africa. Atabwerako analembedwa ntchito m'boma la atsamunda ngati wothandiza bwana DC, ndipo anagwirapo ku Domasi, ku Fort Johnston ndi ku Dedza. Apa pali kusamvana kwa mumtima kumene mungakutchule pa mayeso. Mnyamata wodana ndi Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, chimene chinakhazikitsidwa mu 1953 anthu akukana, ankalandira malipiro kuchokera ku boma lomwelo. Ntchitoyo inali yapamwamba, yoti makolo n'kuinyadira. Anaisiya. M'chaka cha 1956, ali ndi zaka 25, anasankhidwa kukhala m'gulu la anthu akuda asanu olowa m'Nyumba ya Malamulo ku Zomba, pamodzi ndi Kanyama Chiume.

M'chipani cha Nyasaland African Congress munali magulu awiri. Lina linali la anthu ofuna kuyenda pang'onopang'ono, okhulupirira kuti n'kwabwino kukhala m'kati mwa mabwalo a atsamunda n'kumayankhulira momwemo. Manoah Chirwa ndi Clement Kumbikano, amene anali aphungu m'Nyumba ya Malamulo ya Chitaganya ku Salisbury, anali a maganizo amenewa. Gulu lina linali la achinyamata onga Chipembere ndi Chiume, amene ankati kukhala m'nyumbayo n'kuvomereza Chitaganya. Achinyamatawo anapambana, ndipo mu 1957 aphungu awiri aja anachotsedwa m'chipani. Tsono mukamawerenga za mkanganowu m'buku la munthu wa mbali yopambana, kumbukirani kuti mukumva mlandu woyankhula mmodzi. Anthu odekha aja analinso ndi zifukwa zawo. Wofuna kumva liwu la m'badwo wakale wa mishoni, wosafulumira kugwedeza zinthu, angawerenge Memoirs of a Malawian, buku la Lewis Mataka Bandawe la m'chaka cha 1971.

Mfundo yaikulu kwambiri pa moyo wa Chipembere ndi iyi. Iye anali mmodzi wa achinyamata amene analembera Dr Banda makalata omupempha kuti abwere kudzatsogolera Congress. Iwo ankaona kuti anthu akumudzi sangatsate anyamata, koma munthu wachikulire ndi wophunzira kwambiri. Dr Banda anafika pa Chileka pa 6 Julayi 1958, ndipo achinyamatawo ndiwo anayenda m'dziko kumukweza ngati mpulumutsi. Zotsatira zake mukuzidziwa kuchokera m'phunziro la mbiri yakale. Pa 3 Malichi 1959 boma linayamba kumanga atsogoleri a Congress, ndipo Chipembere anatsekeredwa ku Gwelo pamodzi ndi Dr Banda. Anatuluka mu 1960, anamangidwanso mu 1961 pa mlandu woutsa mitima ya anthu, ndipo atatuluka mu 1963 anakhala nduna. Mu Seputembala 1964, patangotha miyezi iwiri dziko litalandira ufulu, anatula pansi unduna wa zamaphunziro pogwirizana ndi nduna zinzake zimene zinachotsedwa. Mu Febuluwale 1965 anatsogolera gulu la anthu a zida limene linalanda boma la Fort Johnston, koma ulendo wopita ku Zomba unathera pa pantoni ya pa Liwonde. Chaka chomwecho anathawira ku America. Anaphunzitsako ku Tanzania, n'kubwereranso ku California, kumene anamwalira ndi matenda a shuga pa 24 Seputembala 1975 ali ndi zaka 45.

Munthu amene anamuitana ndi manja awiri ndiye anamuthamangitsa. Kusemphana kotere kwa zimene mpangankhani ankayembekezera ndi zimene zinachitika ndi chipangizo chimene mlembi wa nkhani yopeka amachita kuchikonza. Apa moyo unachikonza wokha. Ndiye poti Chipembere ankalemba akudziwa mathero, gawo lililonse lokhudza kuitanidwa kwa Dr Banda muliwerenge ndi funso loti: kodi uyu akuyankhula ndi mnyamata wa 1957, kapena bambo wa ku California amene akudziyankhira mlandu?

Zimene buku silinena

Chipembere anamwalira asanamalize kulemba, ndipo bukuli linasindikizidwa kuno kwathu ulamuliro wa chipani chimodzi utatha. Wolemba mbiri wina, Colin Baker, analemba buku lotchedwa Chipembere: The Missing Years pofuna kufotokoza zaka zimene mwini wake sanazilembe. Apa pali zinthu ziwiri zoti muzigwire. Choyamba, pakati pa inu ndi mlembi pali mkonzi, amene anasanja zolembazo mwini wake kulibe. Chachiwiri, mbiri yolembedwa ndi mwini wake siingafike pa imfa ya mpangankhani wamkulu monga momwe Nthondo amachitira. Nthawi zonse imalekezera panjira.

Kwa zaka pafupifupi 30 dzina la Chipembere silinkatchulidwa poyera m'Malawi. Lero msewu waukulu wa pakati pa Blantyre ndi Limbe umatchedwa dzina lake. Ngozi imene ilipo ndi yoti wophunzira achoke pa bodza lina n'kugwera pa lina: dzulo chigawenga chopanda chabwino, lero woyera wopanda banga. Woyesa mayeso safuna zonsezi. Chipembere anali wolimba mtima ndi wodziwa kuyankhula, komanso mawu ake ena anali aukali kwambiri kwa otsutsana naye, ndipo anafika ponyamula zida. Njira yabwino yomuyezera ndi kuika buku lake pambali pa mabuku a anzake a nthawi yomweyo, monga Kwacha la Kanyama Chiume la 1975 ndi Fearless Fighter la Vera Chirwa la 2007, n'kuona pamene akugwirizana ndi pamene akusiyana.

Kayankhidwe ka mafunso

Tiyerekeze kuti mwafunsidwa kuti mufotokoze khalidwe limodzi la mpangankhani wamkulu. Yankho loti "Chipembere anali wokonda dziko lake chifukwa anali ngwazi" ndi lofooka, poti likungozungulira pamalo amodzi. Yankho labwino limatchula khalidwe, n'kupereka umboni, kenako n'kufotokoza. Mwachitsanzo: "Chipembere anali wodzipereka. Anasiya ntchito yapamwamba m'boma la atsamunda n'kulowa m'ndale m'chaka cha 1956. Izi zikusonyeza kuti anaika ufulu wa dziko patsogolo pa malipiro ake."

Siyanitsaninso zochitika ndi maganizo. Kuti Dr Banda anafika pa 6 Julayi 1958 ndi chochitika, ndipo mungachitsimikize m'mabuku ena. Kuti wandale wakutiwakuti anali wamantha kapena wadyera ndi maganizo a mlembi. Polemba maganizo otere yambani ndi mawu oti "malinga ndi mlembi" kapena "mlembi akuona kuti", osati kuwalemba ngati kuti munalipo.

Ntchito: Pezani munthu wachikulire m'mudzi mwanu amene anakhalapo pa udindo, kaya mumpingo, mumzikiti, m'komiti ya padoko kapena m'chipani. Mupempheni akufotokozereni momwe analowera pa udindowo, ndipo mulembe ndime ziwiri ndi liwu loti "ine" monga momwe iye wanenera. Kenako funsani munthu wina amene analipo pa nthawiyo. Lembani zinthu zitatu zimene woyamba uja sanatchule, ndipo pa chilichonse munene chifukwa chimene mukuganiza kuti anachisiyira.