MADZI NDIWO MDANI WA MABULEKI A GALIMOTO YAKALE

M'boma la Mambwe magalimoto akale akali kugwira nchito yaikuru. Ena ndi malole okalamba, ena ndi ma Land Rover, mtundu umene unayamba kupangidwa ku Britain m'caka ca 1948. Athandiza kututa thonje ndi cimanga m'midzi ya kwa Msoro, kwa Jumbe ndi kwa Nsefu, ndiponso kunyamula odwala. Mwini wace akafuna kuikonzanso galimoto yotere, kawiri kawiri ayamba ndi injini, naiwala mabuleki. Koma pa zitunda za njira yocokera ku Chipata kutsikira ku cigwa ca Luangwa, moyo wa okwera onse uli pa mabuleki.

Cimene ciononga mabuleki koposa ndico madzi, ndipo awaononga kunja ndi m'kati momwe.

Kunja, matope a dzinja ndi madzi a mitsinje monga Lupande acititsa dzimbiri. Mankhwala ace ndiwo penti. Makaniko ayambe wapala dzimbiri ndi burashi ya waya, ndipo apake penti yopirira kutentha kunja kwa dramu ndi pa mbale ya citsulo iri kumbuyo kwace. Asapake m'kati mwa dramu, kapena pa zitsulo zimene zigwira dramuyo poimitsa wilo, pakuti buleki yopakidwa iterereka. Pfumbi la mabuleki akale nthawi zina liri ndi asbestos, amene aononga mapapo. Tsono asaliuzire, koma alipukute ndi nsanza yonyowa.

M'kati, mafuta a mabuleki amwa cinyontho ca mumpweya pang'ono pang'ono. Mafuta olembedwa DOT 4 akakhala atsopano sawira kufikira madigiri 230, koma atamwa madzi angathe kuwira pa madigiri 155. Potsika phiri ndi katundu wolemera, makamaka pa dzuwa la October, mabuleki atentha, madziwo nasanduka nthunzi. Pamenepo woyendetsa aponda, phazi lingofika pansi, galimoto osaima. Cifukwa cace mafuta asinthidwe zaka ziwiri ziri zonse, ndipo otsala m'botolo lotsegulidwa kale asathiridwenso.

Posankha mafuta, mwini awerenge zolembedwa pa civundikiro ca mothira mwace. DOT 3, DOT 4 ndi DOT 5.1 ndi a pa mtundu umodzi, ndipo angathe kusanganizidwa. Onsewa adya penti. Akatayikira pa citsulo copakidwa, atsukidwe ndi madzi msanga. DOT 5 ndi mtundu wina. Sadya penti, ndico cace anthu a maiko akutali osunga magalimoto akale acionetsero awakonda, koma sayenera kusanganizidwa ndi enawo konse.

Coipitsitsa ndico kuthiramo oilo ya injini pamene mafuta oyenera asowa. Oiloyo itupitsa timphira ta m'kati mpaka tiyambe kudontha. M'magalimoto ambiri akale mawilo onse anai adalira njira imodzi ya mafuta, kotero kuti kamphira kamodzi kakaphulika mabuleki onse atha nthawi yomweyo.

Nyengo yabwino ya nchito imeneyi ndiyo mvula itangoleka, misika ya thonje isanatsegulidwe. Amene sadziwa bwino mafuta oyenera galimoto yace afunse makaniko wozolowera asanagule, pakuti akuru anati safunsa anadya phula.